Galimoto Yofiira Imene Anati Ndinasankha Ine

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anandisenzetsa katundu woposa msinkhu wanga. Tinkakhala ku Nchalo, m'nyumba za kampani ya nzimbe kumene bambo ankayendetsa thirakitala. Bwana wina wa kufakitale ankabwerera kwawo, ndipo ankagulitsa magalimoto ake awiri pamtengo wozizira. Thumba la bambo linkakwana imodzi yokha.

Ina inali pikapu yoyera, yokalamba, yokandikakandika m'mbali. Inayo inali kagalimoto kofiira, kakafupi, denga lake la nsalu lopindika ngati ambulera. Mayi ankafuna pikapu. Iwo ankachita geni ya milamba youma, ndipo anali atatopa kulimbirana malo pa matola ndi madengu awo. Bambo sankanena chimene ankafuna. Ankangoti "tiona," nkuyatsa wailesi.

Loweruka lina anatitenga ine ndi mayi kuti tikaone. Mayi anazungulira pikapu ija, akuyeza kumbuyo kwake ndi mikono kuti aone madengu angati angakwane. Bambo anaima pakati pa magalimoto awiriwo, manja m'thumba. Kenaka anandiitana.

"Amake Rozina, ife akuluakulu tizingokangana. Mwana alibe chinyengo. Malita, sankha iwe."

Ine amene ndinali ndisanafunsidwepo ngakhale za ndiwo! Ndinayang'ana kofiira kaja, nkudziona ndikudutsa pasukulu anzanga atayasama kukamwa. Ndinaloza.

"Nkhabe! Ayi!" anakuwa mayi, Chisena chawo chitatulukira pamwamba monga chinkachitira akapsa mtima. "Mukufunsa mwana? Galimoto ndi switi?"

Bambo anatambasula manja. "Wanena mwana. Ndimukhumudwitse?"

Pobwerera bambo anandigulira chakumwa chozizira, mayi osandiyankhula njira yonse. Ndinamwa ndisakudziwa ngati ndikulandira mphoto kapena ndikudikira chilango.

Sipanatenge nthawi kuti kagalimotoko kaonetse khalidwe lake. Amene anakapanga sanamvepo za dzuwa la ku Chikwawa. Tikatsegula denga, dzuwa linkatiwamba pamutu ndipo mipando yachikopa inkaotcha ntchafu. Tikatseka, tinkaphikika. Popita kumudzi kwa Katunga mimba yake inkakhula pansi, ndiye tinkatsika nkumayenda pambuyo pake, bambo okha ali m'kati. Tsiku lina mbuzi za aneba zinatafuna ngodya ya denga, ndipo bambo polimbana nalo anapinda chitsulo chake. Kuyambira pamenepo silinatsekekenso.

Mayi anapitiriza kukwera matola. Akabwera madzulo miyendo itatupa, ankayang'ana kagalimotoko nkunena mokweza kuti, "Galimoto ya Malita." Ikakana kulira m'mawa, inali galimoto ya Malita. Mvula ikagwera m'kati, ya Malita. Kusukulu anzanga ankanditcha mwana wa bwana, kunyumba ndinali wopalamula, ndipo mutu wanga sunkatha kulumikiza ziwirizi. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: kuti mayi asiye kundiyang'ana ngati munthu amene anawalanda kanthu. Ndinkaitsuka Loweruka lililonse, poganiza kuti mwina ikawala kwambiri adzaikonda.

Mwayi ndinauona pamene achemwali anga a Rozina ankakwatiwa. Bambo analamula kuti mkwatibwi apite kutchalitchi pa galimoto yofiira, anthu onse amuone. Ndinasangalala kwambiri. Ndinati lero mayi aona kuti sindinalakwe. Ndinamangirira maliboni ndekha, ndipo anandipatsa kampando kakumbuyo kuti ndizigwira velo.

Inali nyengo yodula nzimbe. Aliyense wa ku Nchalo amadziwa kuti asanadule amayamba aotcha munda, ndipo phulusa lake limauluka ndi mphepo nkumagwa ngati nthenga zakuda. Utsi ukangooneka, amayi amathamangira kukanula zovala pachingwe. M'mawa umenewo mayi anayang'ana kumwamba.

"Abambo ake, utsi uwo."

"Mphepo ikupita uko," anayankha bambo, osayang'ana nkomwe.

Msewu wa kutchalitchi unkadutsa pakati pa minda. Tili pakati penipeni, mphepo inatembenuka. Ndinamva fungo la nzimbe zopsa, lotsekemera ngati shuga wopserera mumphika, kenaka kanthenga koyamba kanatera paphewa pa a Rozina. Anakasasa ndi dzanja, nkusiya mzere wakuda. Zinayamba kugwa zambirimbiri. Ine pofuna kuthandiza ndinapukuta ndi manja anga athukuta, ndipo ndinangopaka. Bambo anaimika galimoto nkumakoka denga lija, mitsempha ya m'khosi itatuluka, koma denga silinasunthe.

Tinafika diresi ili mawangamawanga ngati nkhanga. Amayi amene anayamba nthungululu pageti anaisiyira panjira. A Rozina analira, nkukana kutsika. Ndinamva azakhali a mkwati akunong'oneza mnzawo kuti, "Akazi athu abwera pa ngolo ya makala?" Mayi anamasula chitenje chawo chatsopano, nkumufunditsa mwana wawo kuyambira m'mapewa, ndipo a Rozina analowa m'tchalitchi choncho. Podutsa pamene ndinaima, mayi anati, "Switi ija ndi imeneyi."

Ndinayang'ana bambo. Ndinkadikira kuti anene kanthu, kalikonse, kondichotsa pamoto. Iwo anali ataweramira chitsulo cha denga, akuchigogoda ndi mwala. Ndinapita kuseri kwa tchalitchi nkulira mpaka mutu kuwawa. Pa zithunzi zonse za ukwati umenewo ine palibe.

Kagalimotoko kanathera pansi pa mtengo wa nimu, nkhuku zikuikiramo mazira. Ine ndinakula ndikuopa kusankha. Ngakhale chitenje pamsika ndinkati mnzanga andilozere, kuti chikasuluka asadzati ndine.

Chaka chino ine ndi amuna anga taganiza zogula galimoto, ndipo ndabalalikanso ngati kale. Pali pikapu, ndiye pali yamagetsi, yoyenda mwakachetechete, yotchaja pakhoma ngati foni. Ena akuti yamagetsi itipulumutsa ku mizere ya mafuta. Ena akufunsa kuti magetsi akazima masiku awiri tidzaikankha? Nanga Shire akasefukira msewu nkudzala madzi? Aliyense amene ndamufunsa akuyankhula ngati katswiri, ndipo palibe awiri amene agwirizana.

Ndinakawafotokozera makolo anga kwa Katunga, kumene akukhala chipumireni bambo pantchito. Ndinamaliza ndi nthabwala kuti ine ndisasankhe, mbiri yanga pa magalimoto ikudziwika. Bambo sanaseke. Anakanda mutu wawo wa imvi.

"Mwananga, yofiira ija ndinkaifuna ndine. Ndinali nditagwirizana kale ndi bwana uja tisanapite. Ndinkadziwa kuti mwana aloza chofiira."

Ndinatembenukira kwa mayi, amene ankasankha nyemba palichero, poganiza kuti lero kugwa chimvula. Sanadzutse nkomwe mutu.

"Ndinkadziwa," anatero.

"Amama, munkadziwa? Nanga bwanji zaka zonse zija munkanena ine?"

"Ukanafuna ndiwatukwane bambo ako pamaso pa ana? Ndikati Malita, ankamva ndi iwo."

"Ndinkamva," anavomera bambo, maso ali pansi.

Anthu awiriwa ankamvana bwinobwino. Wina anabisala kumbuyo kwanga, winayo nkumaponya miyala pamene mnzake wabisala, aliyense akudziwa chimene akuchita. Amene sankadziwa kanthu ndi ine ndekha, amene miyalayo inkandigwera. Ndinakwiya, ndisaname, ndipo ndinakwiya kwambiri poona kuti iwo ankaona ngati ndi nkhani yakale yoseketsa. Mayi ataona nkhope yanga anaika lichero pansi. "Unkazitenga zenizeni?" anafunsa. Sanaganizepo kuti mwana samva zophiphiritsa, amangomva dzina lake.

Sabata yatha tinapita ku Blantyre kukaona magalimoto aja, titatenga mwana wathu Tadala, wa zaka khumi. Ine ndinaima pa pikapu, amuna anga akusisita yamagetsi. Tadala maso ake anali pa yamagetsi yomweyo, chifukwa zitseko zake zimayaka timagetsi. Ndinamva amuna anga akuseka, nkuyamba kuti, "Chabwino, tisakangane. Tadala, iweyo ukuti..."

Ndinawagwira mkono. "Musiyeni mwana. Tisankha ife. Ikadzatifera panjira, tidzatchulane mayina athu."

Mpaka lero sitinagule, ndipo tikukanganabe. Tadala akugona tulo take bwinobwino.