Saluti ya Ishaka mu Ingoma

Ishaka adafika pa Mzimba Boma ndi mpukutu umodzi wa zitenje. Adakwatira Sellah wa ku Euthini, ana adakula, imvi zidamera, koma wogula aliyense ankamufunsabe, "Kwanu n'kuti?" Funso lachipongwe limeneli adatisiyira ndi atsamunda, ife n'kulisunga ngati mbewu. Akanayankha chiyani munthu woti bambo ake Myao wa ku Mangochi, mayi Mlomwe, agogo mmalinyero wa ku chilumba cha Unguja?

Chimene ankafuna Ishaka n'chimodzi: malo mumzere wa ingoma, gule wa Angoni. Adachonderera mpaka mkulu wa gulu, a Fanuel Jere, adatopa.

"Bwerani, mulamu. Koma mukatichititsa manyazi, mbwenu mubwerere ku zitenje zanu."

Adaphunzira kuseri kwa shopu, kuponda pansi mpaka nkhuku kusiya kuikira. Sellah ankawomba m'manja misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

Pa chikondwerero cha ufulu adamuveka zikopa, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Amuna adaponda, dziko lidanjenjemera, Ishaka ali momwemo, mimba ikuvina payokha. Zonse zinkayenda. Kenaka wapolisi wina adaliza wezulo pothamangitsa wakabaza.

Kalanga ine! Ishaka adakulira m'beni, gule wa kwawo wotsanzira perete wa asilikali, ndipo miyendo yake idamva wezuloyo mutu usanamve. Chifuwa kutsogolo, chibonga m'khwapa ngati ndodo ya sajeni, lefuti, raiti, adaguba kutuluka mumzere, mpaka pamaso pa alendo olemekezeka. Saluti, phaa!

Bwalo lidaphulika. Anamwino ena a ku Dedza amene ankaonerera adagwirana kuti asagwe. Amayi owomba m'manja adasokonezeka, ena n'kuyamba nthungululu. Mphunzitsi wina wa ku Nkhata Bay adalumpha chingwe n'kuguba pambuyo pake.

Fumbi litatsika, a Fanuel adamuitana, ndevu zikunjenjemera.

"Iwe Ishaka! Chindere chakufikapo! Mngoni adachitirapo saluti ndani?"

"Ndapota, adada, ndi miyendoyi."

"Miyendo! Kuyambira lero uzivina kumapeto kwenikweni kwa mzere, komwe saluti yako izionedwa ndi mbuzi zokha. Loweruka usachedwe, ndipo ubwere ndi thonje la m'makutu."

Ishaka adathamangira kwa mkazi wake, zikopa zili petupetu, n'kumumenyera nayenso saluti.

"Sellah! Wamva? Andipatsa kumapeto! Kwangakwanga!"

"Ndamva, asajeni," adatero Sellah. "Tsitsani dzanjalo, anthu akuona."