Golo la Kumtsinje

Zaka zisanu ndinkachapa zovala pa loji ina ku Chinzombo, ndipo zaka zonsezo alamu anga ankandikwapula pa mpira wa patebulo, uja wa tizidole tomangiriridwa ku zitsulo. Tebulolo anatisiyira mlendo wina, ife n'kuliika m'chipinda chodyera antchito.

Alamuwo ndi achimwene a mkazi wanga, ndipo ankayendetsa alendo kokaona nyama. Iwo yunifolomu yosita bwino, ine manja otuwa ndi sopo. Akachinya ankakuwa kuti, "Alamu, bwererani ku mashiti! Manja anuwo ndi a thovu." Anthu ankafa nacho chiseko. Mkazi wanga, amene ankaphikira antchito, ankamwetulira atawerama, ndipo kumwetulirako n'kumene kunkandiwawa. Sindinkafuna zambiri, koma kuwagonjetsa kamodzi kokha iye akuona.

Mvula ikakula, mtsinje wa Luangwa n'kusefukira, loji inkatsekedwa, anthu n'kupita kwawo kukalima. Chaka china anandisiya ine kuti ndiziyanika matiresi kuopa nkhungu. Tsiku lina masana, posowa chochita, ndinaika kampira pakati pa tebulo. Kanayamba kugubuduka kokha, pang'onopang'ono, mpaka kulowa m'golo la kumtsinje. Ndinabwereza katatu. Simenti ya pansi inali yotsetsereka. Ndipo golo limenelo linali langa masiku onse, poti kwathu wamkulu ndiye amasankha mbali, mkamwini salimbirana malo ndi malume a ana ake.

Ndikanangopinda katoni n'kuika pansi pa miyendo, nkhani ikanathera pomwepo. Koma mtima unandiuma gwa. Ndinati ndidzawagonjetsa pamtunda womwewo.

Miyezi itatu ndinasiya makina ochapira, n'kumafinya mashiti ndi manja. Ndinamangirira chidebe cha mchenga ku kamtengo ndi chingwe, n'kumachikweza pokulunga chingwecho mpaka mikono kunjenjemera. Msana unkandipweteka chifukwa choweramira tebulo, ndiye m'mawa uliwonse ndinkanjuta ndi kudzuka kangapo, kenaka kupalasa njinga mpaka ku Mfuwe, msewu ukalola. Madzulo ndinkapatsira kampira kuchoka kwa chidole china kupita kwa chinzake, kukaimitsa, kukamenya. Ndinasiya zozungulitsa zitsulo mwachisawawa. Matuza anaphulika, khungu la m'manja n'kuuma ngati chikopa cha ng'oma. Ndinkadziseka ndekha, bambo wa ana atatu kutuluka thukuta chifukwa cha tizidole, koma sindinasiye.

Loji itatsegulidwa, Lamulungu loyamba titadya, alamu anaomba tebulo. "Bwerani ndikuchapeni, achapa!" Anatenga mbali yawo ya masiku onse. Ine ndinaima ku golo langa la kumtsinje.

Anachinya ziwiri zoyamba, n'kuyamba kuimba mluzu. Kenaka dzanja langa linadzuka. Nditachinya zigoli zisanu mluzu uja unali utatha, thukuta lili kamukamu pa kolala. Mkazi wanga anatuluka m'khitchini, chipande chili m'manja. Woperekera zakudya wina ndiye ankawerenga mokuwa: "Eyiti, sikisi! Naini, sikisi!" Chomaliza ndinakaimitsa kampira, n'kuwayang'ana alamu m'maso, n'kumenya. Phokoso lake ndimalimvabe.

Alamu anapukuta manja pa thalauza, natola kampira, nakaika pakati. "Taonani anthu inu," iwo anatero. Kampira kanayamba kugubuduka. Sanadikire kuti kafike, anakatola. "Tebulo lopendekeka ili. Gemu iyi sitiwerengera."

Sanachite kufufuza, sanachite kudabwa. Ankadziwa. Zaka zisanu zonsezo ankadziwa.

Anthu anaseka momasuka, wina n'kuthamangira katoni. Palibe amene anafunsa kuti kampira kankalowera kwa yani. Ndi ndani akanafunsa munthu amene amawapatsa lifiti popita ku Mfuwe?

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye anaona, ndikudziwa, chifukwa maso ake anatsatira kampirako kulowera ku golo langa. Ndinadikira liwu limodzi lokha. Anayang'ana achimwene ake, nayang'ana pansi, n'kubwerera ku mapoto.

Pobwerera kunyumba, ndikukankha njinga, ndinamufunsa kuti, "Amayi a ana, munaona kapena simunaone?"

"Ndinaona," anatero motsitsa mawu. "Koma tikadzayambana, adzatiweruze ndani? Musawachititse manyazi chifukwa cha zidole."

Tebulo lija analiwongola tsiku lomwelo, ndipo alamu sanandiitanenso. Mpaka lero pa maliro ndi pa maukwati amauza anthu kuti sindinawagonjetsepo, ndipo mkazi wanga amamwetulira atawerama.