Chaka chimene ndinabereka manotsi

Tili Fomu 4, msana wanga unasiya kukhala wanga. Anaulanda ndi mlongo wanga, amene tinabadwa naye mapasa, atatulukira kuti pakati pa mudzi wathu wa kwa Kanduku ndi sukulu yathu yoyendera kufupi ndi boma pankatayika nthawi yambiri. Njinga inali imodzi. Ine ndinkapalasa, iye n'kukhala pakaliyala, ndipo popita ndi pobwerera ankandimata mapepala a manotsi pamalaya ndi mapini anayi, kuti aziwerenga tikuyenda. Ndikati anayi ndikunena olowa m'nsalu. Ena awiri ankalowa mwa ine. Mpaka lero ndikavula malaya, munthu wophunzira angathe kuloza pamene panathera Bayoloje ndi pamene panayambira Kemisitiri. Sindikuwonjezera.

Mwana ameneyu ankafuna udokotala ngati mmene mbuzi imafunira chimanga cha eni. Kuseri kwa kalendala yakale analembako taimutebulo yake. Sikisi koloko makalasi apadera. Tikaweruka, kalabu ya sayansi. Lachiwiri mtsutso, Lachitatu kwaya, Loweruka patitaimu kwa aphunzitsi a masamu, kuwonjezera apo makiyi a laibulale ankasunga ndi iye. Zapakhomo sizinachoke, kumjigo ankapitabe. Kudya anakupatsa mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinafufuza pepala lonselo kuti ndione pamene analemba zopuma mpweya, sindinapapeze, ndiye ndinangoganiza kuti mwina amapumiratu Lamlungu mpweya wa sabata yonse.

Sanali yekha. M'kalasi mwathu munali kagulu ka anthu opikisana kutopa. Ukawapatsa moni kuti mwadzuka bwanji, ankakuyang'ana ngati wawatukwana: anagona ndani? Ine ndinali wa gulu lina, lokhulupirira kuti ubongo uli ngati munda, umafunika kuugoneka chaka chimodzi kuti nthaka ibwerere. Komabe ndinkafunitsitsa kudziwa chinthu chimodzi: kodi mwa munthu mmodzi mungalowe zinthu zingati? Ngakhale mathiraki opita ku Mozambiki amawakweza pasikelo. Mlongo wanga panalibe womuyeza.

Yankho linabwera Lolemba lina pa asembule. Tikuimba, ndinangomva phi! kumzere wa atsikana. Anagwa ali chiwongokere ngati mtengo wa bulugamu, buku lili m'manja, chala chili pa tsamba lomwelo. Kuchipatala anayeza malungo, palibe. Magazi, okwanira. Adokotala anati, “Mayi, mwanayu sakudwala. Akufuna tulo basi.”

Mayeso anali atatsala miyezi iwiri. Amayi anayesa kumunyengerera, anayesa kukalipa.

“Ukadzagwera m'chipinda cha mayeso, mapointi akowo adzakulembera ndani?”

“Amayi, ndidzagona mu Ogasiti.”

“Tulo si chimanga choti uziti ndidzakolola mu Ogasiti!”

Atalephera anatembenukira kwa ine. “Iwe, munakhala limodzi miyezi isanu ndi inayi. Muuze mnzakoyu.” Ndinawayankha kuti ngakhale m'mimbamo sitinkacheza kwenikweni, iye ankakhala otanganidwa. Koma mantha ndinali nawo. Ndinali nditamunyamula ndekha pa asembule paja, ndipo mutu wake unkalendewera m'njira imene sindinaikonde.

Masiku angapo pambuyo pake, tikubwerera kunyumba dzuwa litapendeka, mawu owerenga kumbuyo kwanga anayamba kutalikirana. Phunziro la mitsempha ya mtima linafika pakati n'kuima. Kenako ndinamva chipumi chikutsamira pamsana panga, dzanja litakola lamba wanga ngati mbedza. Munthu amene analephereka kwa amayi ndi kwa adokotala anali atagonja kwa kaliyala.

Patsogolo pathu panali mphambano. Kumanzere, njira yathu ya masiku onse, yachidule koma ya miyala. Kumanja, msewu wozungulira kuminda ya manachesi, wosalala, wotalika kawiri. Ndinaima pamapedulo kamphindi, ndikudzifunsa kuti kodi angagone mpaka pati. Ndinakhotera kumanja, dzanja limodzi pahandulo, linalo litagwira mkono wake.

Anadzidzimuka tikulowa pabwalo.

“Bwanji dzuwa latsika chonchi?”

“Tcheni chinachoka.”

“Ine osamva?”

“Unagona.”

“Ine? Ndimaloweza, bulutu iwe. Munthu akatseka maso ndiye kuti wagona?”

Pachipumi pake panali patadindika theka la chithunzi cha mtima, chifukwa cha inki ndi thukuta langa. Sindinamuuze. Ndinali nditazindikira kuti ndapeza mwayi: sakanandifunsa bwino za njira popanda kuvomera kuti sanaione, ndipo kuvomera kuti wagona kunali, kwa iye, ngati kuvomera ufiti. Choncho ankangonditukwana kuti ndimapalasa ngati nkhalamba, ine n'kumavomera.

Tinayenda choncho masabata atatu. Anthu a msewu wautali uja anatizolowera. Amayi ogulitsa manachesi akationa ankatsitsa mawu, n'kumandilozera zala zokha kuti mulu ndi bwanji. Ana anasiya kutithamangira. Bambo wa pachigayo ankachepetsa injini mpaka titadutsa. Panali galu wina woyera amene poyamba ankatiuwa, koma pofika sabata yachiwiri ankangotsegula pakamwa osatulutsa mawu. Amene akukayika apite akafunse, galuyo mwina akadalipo.

Ndipo mankhwala ankagwira. Anasiya kuthira mchere mu tiyi. Tsiku lina anaseka nthabwala ya abambo, imene sinali yoseketsa n'komwe. Amayi ankandiyang'ana ndi diso la funso, ine n'kumangosisita ntchafu, zimene zinali zitakula moti buluku la yunifolomu linayamba kudandaula.

Zinaululika Loweruka mumsika wa paboma, iye atatuluka ku patitaimu. Tikugula tomato, mayi wina wa dengu la manachesi anamugwira paphewa.

“Aa! Kodi maso anu ndi otere? Okongola bwanji! Anzanga, bwerani mudzaone, wadzuka uja!”

“Pepani amayi, mwina mwandisokoneza ndi wina.”

“Ndikusokonezeni inu? Tsiku lililonse mumadutsa pakhomo panga kukamwa kuli yasa. Achimwene anuwa ndiye munthu, amachita kuzemba ndi timiyala tomwe. Tengani nachesi iyi, mudye muli maso.”

Mlongo wanga anafunsa dzina la mudzi wawo. Atamva, anathokoza mwaulemu wonse, n'kulandira nachesi ndi manja awiri. Ine ndinayamba kuwerenga tomato mosamala kwambiri.

Pobwerera sanandimate pepala lililonse. Ndinkangomva mpweya wotentha pakhosi.

“Masiku angati?”

“Khumi ndi asanu. Mwina ndi limodzi.”

Anachulukitsa chamumtima. “Maola khumi ndi awiri. Wandibera Fizikisi yathunthu, ukudziwa? Iwe zako n'zosiyana, ukalephera udzaseka. Ine ndikalephera ndidzakhala ndani?”

Ndinapitiriza kupalasa. Titafika pamphambano ndinatsitsa phazi pansi.

“Pa asembule ndinakunyamula ndine,” ndinatero. “Sindikufuna kudzakunyamulanso pamaso pa oyang'anira mayeso. Sankha wekha njira. Miyendo ndi yanga, koma mutu ndi wako.”

Anatsika, n'kuima pakati pa msewu, akusenda nachesi ija pang'onopang'ono. Aka kanali koyamba chaka chimenecho kumuona akuchita chinthu chimodzi chokha. Anadya yonse, n'kulavula nthangala imodziimodzi.

“Achimwene,” anatero, ndipo ankanditchula choncho pokhapokha akafuna chinthu, “tiyeni ndikauone msewu wanuwo. Anthu akundidziwa kukamwa, ine osawadziwa nkhope. Koma ndikhala maso.”

Anakhaladi maso. Anapereka moni kwa amayi a manachesi, amene anaimba nthungululu. Anafunsa kuti minda yonseyi inabwera liti. Anagwedezera dzanja bambo wa pachigayo, amene posadziwa chochita anazimitsiratu injini. Titangodutsa pamenepo, chipumi chinafika pamsana.

Lolemba anakabweza makiyi a laibulale, ndipo a mtsutso anawauza kuti azitsutsana okha. Kwaya anaisunga. Msewu wautali anaulola Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu, ndi lamulo loti ndizimudzutsa pamlatho kuti asamalowe m'mudzi ngati thumba la fetereza.

Mayeso analemba onse, kulowa ndi kutuluka ndi miyendo yake. Amene anachita kugwedezedwa paphewa ndi woyang'anira, pepala la Jogalafe lili pakati, malovu ali pa mapu a Afrika, ndinali ine.