Madontho a bolopeni pa dzanja langa

Chaka chomwe tinkafolera khitchini yathu ndi malata, ine ndinali wopatsira pansi, amuna anga ali pamwamba. Mphepo inabwera mwadzidzidzi kuchokera kuphiri, lata n'kundipulumuka, n'kundicheka pomwe anthu amavala wotchi. Magazi sanali ambiri kwenikweni. Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zinangoti zii, ngati za munthu wina.

Ku chipatala adokotala anati mtsempha womvera waduka. Anaulumikiza, anasoka, n'kundiuza kuti ndidikire miyezi. Bala linapola msanga, koma dzanzi silinachoke.

Pakhomo panayamba nthabwala. Ndikatapa mchere sindinkamva kuti ndatapa wochuluka bwanji, ndiye nyemba zinkatuluka zowawa lero, mawa zosakolera. Amuna anga ankalawa kaye ndi nsonga ya lilime, n'kunena kuti, "Lero kwaphika dzanja liti, amayi?" Ku mapemphero a mphakati ndikagwira kolona ndinkadumpha timikanda, anzanga akadali pakati ine ndafika kale kumapeto.

Mwana wathu wamkazi woyamba amaphunzitsa sayansi ku sekondale. Atabwera pa tchuthi anandipeza ndakhala pakhonde ndikuzitsina zalazo mokwiya.

"Amayi, musazivutitse. Muli antchito m'menemo," anatero.

"Antchito ati, poti zalazi zinafa?"

Anatenga chingwe cha wailesi chakale n'kundionetsa waya wamkati ndi pulasitiki wakunja. Anati mtsempha ulinso ndi chokutira, koma chake n'chamoyo: timaselo ting'onoting'ono tomwe timadzikulunga pa mtsempha kambirimbiri, ngati mpukutu wa nsalu. Timaseloti tinayamba kutero ine ndili m'mimba mwa mayi anga. Mtsempha ukaduka, mbali ya kunsonga imafota, ndiye timaseloti timachotsa zofotazo, kenako timandandalika kupanga kanjira. Mtsempha watsopano umayanga m'kanjirako, monga nyemba pa phesi la chimanga, mpaka ukafike kuchala.

"Nanga akuchedweranji antchito akowo?" ndinafunsa.

"Ulendo ndi wautali, amayi, ndipo iwo ndi ochepetsetsa."

Anandigogoda pang'onopang'ono ndi chala kuyambira pa chipsera kulowera m'chikhatho. Pamalo ena ndinadzidzimuka, china chake chitathamanga mpaka kunsonga ngati ndagwira magetsi. Iye anaseka, n'kuika dontho la bolopeni pomwepo. Anati apo ndi pomwe mtsempha wafika.

Atabwerera ku ntchito, udindowo anautenga bambo ake. Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa, asanavule n'komwe jekete, ankanditambasula dzanja patebulo, magalasi ali pamphuno, n'kuyamba kugogoda. Ndikati "Apo!" ankaika dontho, n'kujambulanso malowo pa dzanja lomwe analemba kuseri kwa kalendala. Masabata ena dontho silinkasuntha, iwo n'kukwiya ngati feteleza wawapsereza mbewu. Likasuntha ankakauza aliyense. Amayi ena oyandikana nafe anafika pondifunsa pa mjigo kuti, "Kodi afika pati alendo anu aja?"

Kunena zoona, sindinkakhulupirira kwenikweni. Ndinkangolola chifukwa m'zaka zonse za ukwati wathu, amuna anga anali asanandigwirepo dzanja masana anthu akuona.

Tsiku lina m'mawa ndinali kudimba, ndikuzula anyezi woti tikagulitse ku msika wa ku Linthipe. Ndinapisa dzanja mu udzu wonyowa, ndipo china chake chinandiboola pachala chamkombaphala. Nditazula dzanja ndinapeza linthumbu lakakamira, mutu wonse uli m'khungu. Ndinaliyang'ana kaye osalichotsa. Zinkawawa ndithu.

"Abambo! Ndalumidwa!"

Amuna anga anathamanga khasu lili m'manja, poganiza kuti ndi njoka. Anandipeza ndikuseka, misozi ili m'masaya, chala ndachiimika m'mwamba.

"Mukumva?"

"Ndikumva, chotsani msanga!"

Analichotsa, koma pofika apo anzake anali atatikwera kale m'miyendo tonse awiri. Tinavina m'mizere ya anyezi ngati ana, tikudzimenya ndi kukuwa, mpaka a dimba loyandikana anabwera kudzaona.

Chala chachikulu chinatsatira patapita milungu ingapo. Chapakati mpaka lero chimamva ngati chavala sokosi, ndipo singano ndimaigwira ndi zinazo.