Ba Soja, Tengani Mwana Wanu

Ndeke za asilikali zadutsa m'mawa uno pamwamba pa Kabwata, mawindo onse njenjenje, ndipo ine ndangoyamba kuseka ndekha.

Ndili mwana, amayi anandiuza kuti mlongo wanga wakhanda, Mabvuto, anabwera pa ndeke. Ankalira kosalekeza, ndiponso anandilanda msana wa amayi. Tsiku lokondwerera ufulu, ndeke zitayamba kubangula kumwamba, ndinamunyamula n'kuthamangira naye panja, ndikukuwa.

"Ba soja, tengani mwana wanu! Tamukana!"

Amayi anatuluka patapata ali m'manja. "Iwe Tisa, bweletsa mwana!"

Ndekezo zinangondisiyira utsi, patapata n'kumaliza nkhani.

Lero Mabvuto amavala yunifolomu yabuluu, ndipo amayendetsa ndeke zomwezo. Asilikali anandimvera ndithu, kungoti anachedwa kudzamutenga.