Diso la a Zakumwamba

Mumsewu mwawo onse amawatchula kuti a Zakumwamba, ngakhale ntchito yawo ndi yapansi penipeni: kuwotcherera mageti, mawilibala ndi miyendo ya mabedi. Dzinali linabwera ndi telesikopu yakale, chipangizo choonera nyenyezi, yomwe anagula n'kuipangira okha miyendo ya mapaipi. Akazi awo amati m'nyumbamo muli mkazi mnzawo wa miyendo itatu, wosadya koma wolanda tulo.

Kwa zaka zambiri bambowa akhala m'kagulu kosaka chinthu chimodzi basi. Kumwambaku kumayenda miyala ikuluikulu yosaoneka ndi maso. Mwala ukadutsa kutsogolo kwa nyenyezi, nyenyeziyo imazima kwa kanthawi kochepa, ndipo mthunzi wa mwalawo umayenda padziko ngati kamsewu kopapatiza. Mayi wina, mphunzitsi wa masamu, ndiye amawerengera tsiku ndi kumene mthunziwo udzere, n'kumwaza anthu ake m'lifupi mwa kamsewuko, aliyense pamalo pake. Akaphatikiza zomwe onse aona, amajambula kukula ndi maonekedwe a mwalawo.

Tsoka la a Zakumwamba linali lakuti ngati si mitambo, ndiye mthunzi unkawalambalala. Anzawo ankabwera akusimba, iwo n'kumangovomera ndi mutu. Sanaionepo nyenyezi ikuzima, ndipo zinkawawawa. Kenako m'maso munayamba ng'ala. Dokotala anati pafunika opaleshoni, koma munthu wosewera ndi moto wa chitsulo tsiku lililonse ankanjenjemera akangomva za kampeni ka kudiso.

Tsiku lina mphunzitsi uja anawapeza pamalo awo a ntchito n'kuwaonetsa mapu pa foni.

"Bambo, ulendo uno mthunzi ukudzera pa bwalo la mpira kuseri kwanuku. Muli m'mphepete mwenimweni. Ngati mthunzi wa mwalawo ukufika pa inu kapena wathera chapafupi, otiuza ndinu. Nanga maso ali bwanji?"

"Akuona mpaka za mawa, mayi," anatero, uku akupukuta manja omwe anali oyera kale.

Tsikulo litafika, madzulo mdima utangoyamba, anaimika telesikopu pakati pa bwalo. Akazi awo anagwira foni yojambula mawu. Lamulo lake n'losavuta: ikazima unene kuti yazima, ikabwerera unene kuti yayaka.

"Ikachedwa ine ndikupita, ndasiya zochapa pachingwe," anatero akazi awowo, koma sanasunthe.

A Zakumwamba anaipeza nyenyeziyo, yaing'ono, ili pambali pa inzake yowala. Anaiyang'anitsitsa osaphethira mpaka misozi. Nthawi itakwana, kanyenyezi kaja kanazilala n'kusowa. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti yazima. Koma inzake yowala ija inali itazilalanso, ndipo mwala umodzi subisa nyenyezi ziwiri zotalikirana chomwecho. Ataphethira, zonse zinabwerera.

Foni inalira. Anali mphunzitsi, mawu ali m'mwamba ndi chisangalalo: kwa ena onse yazima.

"Nanga kwanuko, bambo? Yazima kapena ayi?"

Liwu limodzi likanakwanira. Palibe akanawatsutsa, ndipo nawonso akanakhala ndi chosimba.

"Sindikudziwa, mayi. Lomwe linazima ndi diso langa."

M'mawa mwake mphunzitsi anatumiza chithunzi cha mwalawo. Unali wooneka ngati mbatata, wojambulidwa bwino mbali zonse kupatula imodzi, pomwe mzere unangoduka. Pamenepo ndi pomwe panali iwo. A Zakumwamba anachiyang'ana nthawi yaitali, manyazi ndi mkwiyo zitawagwira pamodzi. M'moyo mwawo sanaperekepo geti losowa mbali imodzi.

Sanatsegule pantchito tsiku limenelo. Anavala malaya oyenda nawo, naphimba telesikopu ndi nsalu, n'kuima pakhomo.

"Amayi, mundiperekeze kuchipatala."

Akazi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kampeni kaja simukukaopanso, abambo?"

"Ndikukaopa kwambiri. Tsekani chitseko tizipita. Aphunzitsi akuti mwala wina udutsa mvula ikatha, ndipo m'mphepete muja mukufunika munthu woona."