Enelesi Anabwera Tsiku Loika Bambo

Ndinadzuka kusanache, nditatsamira khoma, miyendo itachita dzanzi. Azimayi a kumpingo anali akuimbabe chapansipansi mozungulira bokosi la bambo, mawu atasasa. Panja amuna anali akuwotha moto pafupi ndi chigafa. Unali mwezi wa Malichi, fodya ali m'zigafa, ndipo fungo lake linkasakanikirana ndi utsi wa nkhuni zonyowa.

Bambo anali ndi esiteti yaing'ono kufupi ndi Santhe, komanso anali mkulu wa mpingo. Ana awo tinalipo awiri, ine ndi mng'ono wanga Enelesi. Enelesi anakondana ndi mnyamata wa ku Phalombe amene anabwera ndi makolo ake kudzagwira utenanti pa esiteti yathu. Bambo anakana. Anati mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu amene iwo amamupimira chimanga. Enelesi anapitabe, ndipo bambo anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pokhapokha atadzapepesa. Iye ankati sanalakwe kanthu. Zaka zinadutsa choncho, iye ali ku Mtunthama komwe mwamuna wake amakonza njinga, ulendo woti munthu atanyamuka m'mawa, masana wafika. Nditamuimbira foni kumuuza za maliro, anangoti wamva, n'kudula.

Kutacha kunayamba kamvula kowaza. Adzukulu anatenga makasu kupita kumanda. Kuseri kwa nyumba azimayi anayala mafuwa, ena akutunga madzi pamjigo, ena akusankha nyemba. Anthu ankabwera pa njinga, pa ngolo, ena wapansi atafunda mapepala a pulasitiki. Matenanti athu anasiya kusoka fodya n'kudzakhala paokha chakumapeto kwa bwalo, monga amachitira nthawi zonse.

Chakum'mawa ndithu ndinaona njinga zamoto ziwiri zitaima pamsewu. Anatsika Enelesi, mwamuna wake, ndi ana awo awiri, mtsikana wamkulupo ndi kamnyamata. Sanalowe. Anaima pansi pa mtengo wa mango, mvula ikuwadonthera. Anthu anayamba kunong'onezana.

Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anabwera pakhomo n'kugwada kuti alankhule ndi amayi. Anati malemu anasiya mawu, ndipo sibwino kuwaphwanya mtembo uli m'nyumba. Amayi anali asanalankhule kanthu chimwalirire bambo. Anadzutsa mutu.

“Alamu,” anatero, “achimwene anu analalikirapo kangati za mwana wolowerera m'tchalitchi muja? Bambo wa m'nkhani ija sanakhale pakhonde kudikira chipepeso. Anamuona mwana ali patali, n'kuthamanga. Amuna anga analephera kuthamanga. Ndipita ine.”

Mawondo a amayi ndi otupa, sangathamange. Anadzuka movutikira pamphasa, natuluka opanda nsapato, kudutsa pakati pa anthu onse aja. Nyimbo inaleka. Anayenda m'matope mpaka pamtengo wa mango, n'kumugwira Enelesi dzanja. Kenako anatembenukira mkamwini wawo, amene anali atavula chipewa, n'kumuuza kuti, “Bambo, lowani, ndi kwanu kuno.” Bambo aang'ono anabwerera kumoto kuja.

Enelesi sanalire polowa. Anakhala pambali panga, phewa lake likukhudza langa. Ndinaona kuti wayamba imvi chapamphumi, monga zinawayambira bambo.

Nthawi yoona nkhope itakwana, iye ndi amene anayamba. Anaima nthawi yaitali. Kenako ananyamula kamnyamata kaja kuti kaone, mtsikana akusuzumira pambali. Ana aja ankaona agogo awo koyamba, ndipo ankaona munthu wotseka maso, thonje lili m'mphuno. Pamenepo ndi pamene ine ndinalephera kudzigwira.

Mwambo unachitikira pabwalo. Wolankhula m'malo mwa mpingo anati bambo anali munthu woyanjanitsa anthu. Sananame. Mabanja ambiri amene anakhala pabwalo paja anali atatsala pang'ono kutha, bambo n'kuwakhazika pansi, Baibulo lili pamwendo. Ndinaona anthu akugwedeza mitu kuvomereza, ena akuyang'ana Enelesi mozemba. Ndinkadzifunsa kuti zimatheka bwanji munthu kudziwa njira yopita kunyumba za anthu onsewa, ya kwa mwana wake n'kumukanika. Ulaliki wa abusa sindinaumve bwino.

Mvula inakata tikunyamuka. Njira ya kumanda imadutsa pakati pa minda ya fodya, mitengo yake itatsala ndi masamba akunsonga okha. Amuna ankalandirana bokosi pamapewa. Chapakati pa ulendo mlamu wanga, mwamuna wa Enelesi, analowa pamzere, nasenza mbali ya kumutu. Palibe anamuletsa. Anayenda nalo mtunda wautali kuposa anzake, mpaka munthu wina anachita kumugwira paphewa kuti apumule.

Kumanda dothi linali lofiira, lomata. Ataitana ana a malemu kuti aike nkhata, tinapita awiri, titagwira nkhata imodzi. Enelesi anagwada, nalankhula mawu pang'ono amene sindinawamve, ndipo sindinamufunse.

Madzulo anthu anabalalika. M'nyumba munatsala mphasa zoyala ndi mipando ya kutchalitchi yodikira kubwezedwa. Tinakhala pansi, amayi, Enelesi, ine ndi ana aja. Kenako mtsikana uja, dzina lake Tamanda, anasendera kwa amayi.

“Agogo, kodi agogo aamuna ankandidziwa dzina?”

Amayi anamuyang'ana.

“Ankalidziwa,” anatero. “Lako ndi la mlongo wako. Ankakutchulani m'mawa uliwonse popemphera, chitseko atatseka. La amayi akonso.”

Enelesi anaphimba nkhope ndi chitenje. Kulira kumene kunamukanika tsiku lonse kunabwera pamenepo.

“Nanga osandiuza bwanji?” ankangobwereza. “Amayi, osangondiuza bwanji?”

Amayi anamukokera pachifuwa pawo ngati mwana wakhanda. Ine ndinatuluka kukauza mlamu wanga, amene anali yekha pakhonde, kuti alowe, kunja kwazizira.